Zitenje za Seneta Chimphonda

Howard Chimphonda, munthu amene anafika ku Canada ndi jekete lobwereka koma lero mathiraki ake asanu amagona ku Brampton, anadula chingwe cha belo la nsalu n'kufunyulula chitenje. Nkhope yake inali pakati, mano onse panja, koma mlamu wake Selina, wosunga mapepala a kampani yake ya mathiraki, anangoiyang'ana osaseka.

"Mazana atatu, alamu! Zadindidwa ku Limbe, zatsika dzulo pa bwalo la ndege la Pearson. Loweruka amayi a kumpingo avina ku North York, Toronto yense adziwe kuti Chimphonda akulowa Seneti."

"Avinira ndani?"

"Ovota!"

"Ku Seneti savota."

"Aaa, iyayi. Ndayenda ine. Joni, Dubai, Guangzhou. Kulibe mpando wobwera popanda chitenje."

Selina anaimika zala ziwiri. "Nyumba za malamulo ku Ottawa zilipo ziwiri. Ya Commons, aphungu amavoteredwa. Ya Seneti, amachita kuikidwa."

"Ya Commons ndinaikana kale. Uphungu ndimaudziwa: maliro alionse bokosi ugule ndiwe, chisankho chikafika akutaye. Ine ndikufuna kumene umakhala mpaka zaka 75."

"Kuno phungu sagula mabokosi."

"Nanga amatani?"

"Amapanga malamulo."

"Basi?" Howard anagwira pakamwa. "Ulesi wakewo! Chabwino, ku Senetiko amaika ndani?"

"Nduna yaikulu imapereka dzina, Gavana Jenerale n'kusaina."

"Anthu awiri okha! Mwaona? Kampeni yaphweka. Tiwatumizire zitenje ziwiri ndi kambuzi."

"Umenewo kuno ndi mlandu."

"Ulemu wasanduka mlandu?"

"Ukakhala wa miyendo inayi, eya."

Howard anazungulira belo kawiri, manja kumbuyo. "Zilibe kanthu. Angondilowetsa, amve mmene ndimayankhulira. Ine pa ukwati maikolofoni amachita kundilanda."

"Ntchito yaikulu kumeneko n'kuwerenga. Bilu ikadutsa ku Commons, maseneta amaiwerenganso mzere ndi mzere. Akapeza pokonza, amaibweza."

"Masamba angati?"

"Ina mazana anayi."

Howard anakhala pa belo, phi! Chinthu chomaliza chimene anachiwerenga mpaka kumapeto chinali menyu ya m'ndege.

"Alamu," anatero motsitsa mawu, "abusa alengeza kawiri. Amayi aphunzira nyimbo zitatu, ina muli dzina la agogo anga. Ndikalowa bwanji m'tchalitchi Lamulungu?"

"Pakhomo."

"Ndikuti manyazi!"

"Muwauze zoona."

"Bola ndisamukire ku Winnipeg. Bwanji simunandiuze kale zonsezi?"

"Simunafunse. Munangoti ndisaine mapepala a nsalu."

"Ndiye palibiretu njira?"

"Ilipo. Nzika ya zaka 30 kupita m'tsogolo, yokhala ndi nyumba kapena malo, itha kulemba fomu pa intaneti."

Howard anadzambatuka, chitenje paphewa. "Fomu! Ndinati chiyani ine? Chimphonda satsekeredwa chitseko. Tsegulani kompyuta, mundilembere."

"Sindingalembe ziwiri."

"Ziwiri?"

"Yanga inapita Lachiwiri."

Howard anayang'ana mlamu wake, n'kuyang'ana nkhope yake pa nsalu. Nkhopeyo inali ikusekabe.

"Ndiye msonkhano ndiuimitse?"

"Ayi, musauimitse. Pafomu amafunsa zimene umachitira anthu a m'dera lako. Ndinalemba kuti Loweruka ndikugawira amayi nsalu mazana atatu. Musade nkhawa, alamu, ndawauza kale kuti nkhopeyo avalire m'kati."