Mkwati Anasukidwa M'beseni

Pa siteji ya makombi opita ku Senga, Olipa anali pabenchi atafungatira bokosi la zidole zadongo. Bambo wina wovala jombo zamatope ofiira a kumgodi anasuzumiramo.

"Chemwali, zidolezi n'zogulitsa?"

"Ayi bambo, n'za filimu ya ukwati. Ndimajambula chidole, n'kuchisuntha mkono pang'ono, n'kujambulanso. Zithunzi khumi ndi ziwiri ndiye sekondi imodzi."

"Mwafika pati?"

"Masekondi fote pa miyezi iwiri. Loweruka ndikaonetsa ku gulu la opanga makatuni muno mu Gweru, mwina angandilandire. Koma mkwati palibe."

"Wathawa?"

"Wasukidwa. Dongoli ndinakakumba ku Shurugwi, kuja kuli migodi ya golide. Achimwene anga ndi aja osaka golide, makorokoza. Atangomva kuti Shurugwi, anatenga mkwatiyo, kumusinja, n'kumusuka m'beseni."

"Bwanji osaumba wina?"

"Ndinaumba, koma nkhope sinafanane. Panopa mkwatibwi akulowa m'tchalitchi ndi mwamuna wina, n'kutuluka ndi wina."

"Zimachitika." Bamboyo anasuzumiranso m'bokosimo. "Nanga m'besenimo munatuluka kanthu?"

"Kagolide ngati mutu wa machesi."

"Mwa mkwati yekhayo?"

"Yekhayo."

"Shuwa? M'bokosimu mwatsala angati?"

"Naini, kuphatikiza abusa."

"Abusawo ndi onenepawa?"

"Omwewo."

Kombi inafika, anthu n'kuyamba kukankhana pakhomo. Bamboyo anapukuta manja pa ovolosi yake.

"Bweretsani ndikunyamulireni, chemwali. Likuoneka lolemera."