Ufa wa Zaka Ziwiri ndi Miyezi Itatu

Pabwalo la ndege la pa Likoma pali sikelo imodzi, ndipo woyang'anira wake ndi a Gomezgani, bambo oti pepala litanena kuti nyanja yauma, mawa lake mungawapeze atanyamula khasu. Lachisanu lina anakumana ndi mayi Rosebell a ku Yofu. Mwana wa mayiwa, Tinyade, anatha zaka zitatu ku Lilongwe osawalankhula chifukwa cha mkangano wa ukwati, ndipo tsopano anali atatumiza mawu ochepa okha: "Ndachira, mwana wamkazi. Ndikulakalaka kondowole wa kwathu." Mawu oti bwerani munalibe. Tikiti anagula ndi mkamwini.

"Makilo 23," anatero a Gomezgani. "Ololedwa ndi 15."

Mayi Rosebell anatsegula chikwama, nachotsa madiresi awiri ndi nsapato za kutchalitchi.

"22."

"Zatsalazo ndi ufa wa chinangwa. Ufa sutsika."

"Seveni atsike."

"Kodi ndege yonseyo ingagwe ndi makilo seveni?"

"Ndege ingathe kuwanyamula, mayi. Pepala ndiye silingathe. Tsopano kwerani inuyo pa sikelo."

"Ine? Ndasanduka utaka?"

"Ndege ndi yaing'ono. Aliyense timamuyeza."

Anakwera, nkhope atayang'anitsa kudenga.

"52."

"Nanga mzungu uja wangodutsa apa anali angati?"

"Za anthu ena sitiulula." A Gomezgani anasuzumira papepala. "110."

"Iyeyo wandiposa ndi mbuzi ziwiri, mwamusekerera. Ine seveni yokha mwandiimika."

"Uja ndi thupi lake. Pepala likuti wokwera ayezedwe monga waimira."

"Monga waimira?"

"Monga waimira."

Mayi Rosebell anatsika. Anapungulira ufa m'thumba lina, nauponya kumsana, namanga chitenje bwinobwino, mfundo pachifuwa. Anakweranso.

"59," anatero a Gomezgani, nalemba. Kenaka cholembera chinaima. "Mwabereka."

"Mwaona nokha."

"Apa pali funso. Wokwera ali ndi mwana wobereka, inde kapena ayi?"

"Ndi ufa, bambo. Mwauona ndi maso anu."

"Ndauona. Koma malo olemba ufa wobereka palibe. Alipo ndi a mwana."

"Lembani mwana."

"Dzina?"

"Kondowole."

Analemba, osaphethira n'komwe. "Wosakwana zaka ziwiri amakhala pamiyendo, safuna mpando. Zaka zake?"

Apatu m'pamene zinthu zinaonongeka. Ku Yofu mungawanene mayi Rosebell china chilichonse, akuyankhani mawa. Koma za munda wawo amayankha pompo.

"Zaka ziwiri ndi miyezi itatu," anatero. "Ine sindikumba chinangwa chanthete ngati anthu a njala."

"Ndiye wakula. Afunika mpando wake."

"Mupatseni."

"Ndege yadzaza."

Panja woyendetsa ndege anali akuizungulira, akugogoda apa ndi apo. Anthu ena anali atayamba kale kufola.

"Mwina mwalakwitsa kuwerenga," anatero a Gomezgani motsitsa mawu, chifukwa mtima anali nawo ndithu, kungoti unali wa mizere. "Chaka ndi miyezi khumi, mwina?"

"Kuti zikamveke ku Yofu kuti Rosebell anapatsa mwana wake ufa wa chinangwa chosakhwima? Ndipo Lamulungu ndikalandire mgonero ndi pakamwa pomwepa?"

"Chabwino. Koma zaka timawerenga kuyambira tsiku lobadwa. Chinangwa chili m'nthaka chinali chisanabadwe. Ufawu unabadwa liti?"

Mayi Rosebell anaganiza. Apa panalibe bodza.

"Ndinaviika sabata yatha, ndinayanika Lolemba, ndinasinja Lachiwiri."

"Masiku atatu." A Gomezgani anatembenuza pepala, nayendetsa chala, nausa moyo. "Khanda losakwana masiku asanu ndi awiri silikwera popanda kalata ya dokotala."

"Dokotala akaupime chiyani?"

"Sindikudziwa, mayi. Sindine dokotala."

"Ndiye wakula kwambiri, komanso wachepa kwambiri?"

"Zikutengera tsamba."

Injini inalira. Mayi Rosebell anamasula chitenje, nakhazika thumba patebulo, pamwamba penipeni pa mapepala a a Gomezgani. Kafumbi koyera kanawagwera pa malaya.

"Mipando yatsala ingati?"

"Umodzi. Wanu."

"Upatseni ufa."

"Mwati?"

"Fufutani Rosebell, mulembe Kondowole. Wa zaka ziwiri ndi miyezi itatu. Ine ndibwerera ku Yofu, njira ndikuidziwa."

"Simukufuna kukaona mdzukulu?"

"Ndikufuna mpaka chakudya sichikulowa. Sabata yonse ndakhala ndikukonza ufawu ndi misozi." Anakonza mpango wawo, ngakhale sunasokonekere. "Koma mwana wanga sanaitane ine, bambo. Anaitana ufa. Ndikafika ndi wopungula, adzati ndi amayi omwe aja, a zinthu zoperewera. Ndikafika ndi wonse, adzandifunsabe kuti nanga inu mwadzatani. Ufa upite. Uwo ndiwo uli ndi kalata yoitanidwa."

A Gomezgani anafufuta Rosebell. Analemba Kondowole ndi zilembo zazikulu. Anatembenuza tsamba, natembenuza lina, ndipo chala chinaima pansi penipeni.

"Sizitheka."

"Chatsalanso n'chiyani?"

"Wa zaka ziwiri sayenda yekha. Ayenera kuperekezedwa ndi munthu wamkulu."

"Woperekezayo akhala pati? Mwati mpando ndi umodzi."

"Pepala likuti mwanayo akhale ndi mpando wake, ndipo ali nawo. Likuti woperekeza akhale pafupi." Anawerenganso, milomo ikuyenda. "Silikunena kuti pampandopo ndani akhale pansi, ndani pamwamba."

"Ine sindinapemphe kupita."

"Simunapemphe. Ndi lamulo. Mukakana, ufa utsala."

Mayi Rosebell anayang'ana thumba, nayang'ana ndege. Anatola madiresi awo ndi nsapato, nazikoloweka paphewa monga aimira.

"Ndiye Tinyade akandifunsa kuti mwadzatani?"

"Mudzanena zoona. A ndege anakana kuti ufa uyende wokha."

Woyendetsa ndege anakodola ndi dzanja. Mayi Rosebell sanasunthe. Anagogoda patebulo ndi chala.

"Mwana ujatu ndi wamakani, sindidziwa anatengera yani. Lembani papepala zoti a ndege anakanazo, bambo. Mudinde ndi chidindo."