Gitala Yochunidwa pa Mawu a Mayi

Malemu anabadwa pa 9 Juni 1951, achiwiri m'banja la ana asanu. Sukulu analekezera kupulayimale, n'kukaphunzira ukalipentala kwa amalume awo. Mu 1974 woimba wina anawabweretsera gitala yothyoka khosi. Ataikonza, za mipando ndi matebulo anazisiyira pomwepo, n'kuyamba ntchito yokonza magitala.

Mu 1978 anamanga banja ndi mayi amene anatsogola kale. Mayiwo anali ndi mawu otsika kwambiri, moti kukwaya anzawo ankawaseka kuti akaime kwa azibambo. Gitala wamba sinkawafika. Malemu akamasula nsambo kuti zitsike, nsambozo zinkalendewera n'kusokonekera nyimbo isanathe. Ndiye anatenga gitala imodzi n'kuikamo nsambo zonenepa, anakulitsa ndi tupa timipata todutsa nsambo kumutu kwa gitala, n'kupakamo pensulo kuti zisamakodwe. Makina ochunira sankawafuna. Ankapempha mayi kuti ang'ung'udze, iwo n'kumapota mpaka nsambo yaikulu itayamba kunjenjemera yokha. Kuchokera apo, mayi akangoyankhula m'chipinda chogwirira ntchito, gitala ya pakhoma inkavomera.

Mu 2009 mayi anamwalira, osasiya kaseti ngakhale imodzi ya mawu awo. Malemu ankati mawuwo atsala pamalo amodzi okha, ndipo nsambo ija ikangotsika kapena kukwera, ndiye kuti mayi awataya kachiwiri. Zopotera nsambo za gitalayo sankalola munthu kukhudza. Nsambo zikachita dzimbiri ankasintha imodziimodzi, yatsopano n'kuichunira pa zinzake. Ana akuchitira umboni kuti masana, nthawi imene mayi ankalowa ndi tiyi, nsambo yaikulu inkalira popanda woikhudza, malemu n'kuwasendezera mayi mpando osacheuka. Anawo akati ndi magalimoto a pamsewu, bambo ankangowafunsa kuti galimoto inadziwa liti nthawi ya tiyi.

Mu Epulo chaka chino chifuwa chinawakulira, manja n'kuyamba kunjenjemera. Kuchipatala anakana kukhalitsa, ati nyengo ikusintha, thabwa likoka nsambo iwo kulibe. Bedi lawo linasamutsidwira m'chipinda chogwirira ntchito, pansi pa gitala. Lachiwiri lapitali masana, mwana wawo wamkazi akuchapa panja anamva nsambo yaikulu ikulira, kenako yachiwiri n'kuilandira. Atalowa anapeza bambo atatisiya, manja ali m'bulangete, gitala ili pamsomali pake.

Malemu asiya ana atatu, zidzukulu zisanu ndi mlongo wawo mmodzi. Banja likuthokoza anamwino, aneba amene ankabwera kudzawatembenuza, ndi oimba nonse amene mwabwera ndi magitala odutsa m'manja mwawo. Pempho la banja ndi limodzi: mukalowa m'chipindamo kukapepesa, zopotera musakhudze, ndipo mipando iwiri ili pansi pa gitalayo muisiye momwe iliri.

Mzimu wawo uuse mumtendere, pafupi ndi mawu amene anawasunga.