Tsiku limene ndinathyola tiyi m'chipatala

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu, inu a kuno ku Honde ndi inu amene munabalalika kukasaka moyo kutali. Ine ndine mayi ake a Tinashe, wothyola tiyi, mdzukulu wa anthu amene anachokera ku Mulanje kalekale. Ndikuuzeni za chotupa chimene chinamera panthiti za mwana wanga m'chaka chija cha 2008, pamene m'masitolo munangotsala mashelefu.

Pothyola tiyi kumsana kumakhala dengu, choncho mwana ndinkamumangirira kutsogolo, chifuwa chake pachifuwa changa. M'mawa wina, nkhungu itaphimba munda moti anzanga ndinkangowamva mawu, ndinamva kanthu kolimba kakundikanikiza pansi pa bere. Nditamumasula ndinapeza chotupa kumanzere kwake, kukula ngati dzira la nkhuku. Iye ankangondisekerera.

Kuchipatala cha ku Hauna anatitumiza ku Mutare, ndipo kumeneko anamujambula ekisire. Adokotala anakweza chithunzicho pawindo chifukwa magetsi kunalibe. Ndinaona tinthiti ta mwana wanga titandandalika bwinobwino, koma tiwiri tinali topotoka, titalowa m'kamtambo koyera. Anandiuza mosabisa kuti mwina ndi khansa, koma ekisire singanene zonse. Pankafunika makina a sikani a ku Harare, amene amaona m'kati mwa thupi mbali zonse.

Masabata otsatirawo ndinkayenda ngati ndili kutulo. Apongozi ankati tikamutemetse mphini. Kupemphera ndinkapemphera, koma ndisaname, Mulungu ndinamukwiyira. Ndinkamufunsa kuti kodi njalayi yokha sinakwane?

Amayi a kumpingo anasonkha chimene anali nacho, ndipo dalaivala wa lole ya nthochi anatitenga mpaka ku Harare. Kuchipatalako mayi wojambula anandiuza zinthu ziwiri. Jenereta aiyatsa kanthawi kochepa chifukwa dizilo akusowa, ndipo mwana ayenera kugona osagwedezeka, koma mankhwala ogonetsa ana anatha. Tikalephera, tidzabwerenso mwezi wina. Ine ndinkadziwa kuti ulendo wachiwiri sudzapezeka.

Tinashe atangoona makinawo analira mokuwa, kuponda ndi miyendo yonse. Bere anakana, kumsana anakana. Jenereta inali italira kale panja. Ndinakhala pabenchi n'kuyamba kupemphera mokweza m'chinyanja chathu, manyazi atandithera.

Mayi wojambula uja, amene tinkayankhulana naye Chishona, anatembenuka.

"Mai, ndinu a kuti?" anandifunsa m'chinyanja chosakanikirana ndi Chindau. Ndinamuuza kuti ndine wothyola tiyi wa ku Honde. Anati iye anabadwira kuminda ya tiyi ya ku Chipinge, ndipo mayi ake ankathyolanso. "Nanga kumunda amagona bwanji?"

"Amagona ndikamathyola."

"Ndiye thyolani, mai."

Ndinamumangirira kutsogolo. Ndinayamba kuyenda pang'onopang'ono m'khonde la chipatala, nditawerama, manja onse akuthyola masamba amene panalibe, n'kumaponya kumbuyo m'dengu limene panalibenso. Odwala ankandiyang'ana, ena mwina ankati mayiyu mutu wazungulira. Ndinatseka maso. Abale, khonde lija linachoka. Ndinali kumunda, nkhungu ikutsika m'phiri, mame akunyowetsa chitenje, fungo la tsamba laliwisi lili m'mphuno, anzanga akuimba chapatali. Sindikudziwa kuti ndinathyola mizere ingati. Ndinangomva kamutu kake kakulemera pachifuwa panga.

Tinamugoneka ndi chitenje chomwecho. Bedi linalowa naye m'makina, iwo akung'ung'udza, iye osasuntha ndi chala chomwe. Mayi uja atakweza dzanja kusonyeza kuti zatheka, m'pamene ndinazindikira kuti manja anga anali akuthyolabe.

Patapita masiku, titabwerera ku Mutare, adokotala aja anandionetsa zithunzizo. Anati ali ndi chikhulupiriro chachikulu kuti si khansa. Ndi chotupa chosowa kwambiri chimene ana ena amabadwa nacho, cha chichereŵechereŵe ndi fupa, chooneka choopsa pa ekisire koma chosafalikira m'thupi. Anati asamung'ambe, tizingobwera naye ku Mutare kuti azimuona. Ndinakhala pansi pasimenti n'kulira ngati pamaliro, chonsecho ndi chisangalalo.

Chotupacho chinasiya kukula, thupi n'kuchipitirira. Lero Tinashe ndi mnyamata wamtali kuposa bambo ake, ndipo kumanzereko kwangotsala kamtunda kamene amati akavula malaya kumtsinje anzake amamuseka nako.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanandisungire mkwiyo wanga. Inu amene muli ndi mwana wodwala, musaleke kugogoda, ndipo musachite manyazi kupemphera m'chiyankhulo cha kwanu, chifukwa simudziwa amene wakhala pafupi. Mayi uja dzina lake sindinalifunse n'komwe, mutu unali usakugwira. Ngati mawu awa angakufikeni kumene muli, mwana wa ku Chipinge, dziwani kuti mwana uja tinamugoneka aŵirife anadzuka, ndipo ali moyo.