Nsalu Imene Ndinang'amba pa Bwalo la Ntaja

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu nonse amene mukuwerenga. Ine ndine mayi wa ana awiri, Lusiya ndi Petulo. Sukulu ndinalekeza sitandade sikisi, ndiye mundikhululukire kalembedwe. Ndikufuna kuchitira umboni za sabata imene ndinatsala pang'ono kutengedwa ndi anyamata a chipani n'kusiya ana anga opanda mayi. Ngakhale pano zinthu zasintha, mayina ena ndawasintha.

Chimene chinandidziwitsa kuti zinthu zalakwika chinali nyimbo. Tinali pa lole, tikuchokera ku Ntaja kubwerera kwathu ku Balaka, chikho chili pakati pathu, tikuimba mpaka mawu kusasa. Petulo anayamba kulira, ndiye ndinatambasula nsalu yanga kuti ndimubereke. Nyimbo inazima. Sinazime kamodzi ayi, inayamba kuzima kwa amene anali pafupi nane, kenako kumbuyo, mpaka kunatsala injini yokha. Ndinayang'ana nsaluyo. Nkhope ya Pulezidenti inalibe diso limodzi, ndipo theka la kukamwa kunalibe.

Ndifotokoze kaye. Masiku amenewo mpira wa miyendo wa amayi unali wachilendo, anthu ankadziwa wa manja basi. Ife tinayamba ngati masewera kuseri kwa siteshoni ya sitima, osavala nsapato, amuna akutiseka kuti miyendo yathu ikhala ngati ya ng'ombe. Koma chaka chimenecho palibe timu inatigonjetsa. Tinapita ku Ulongwe, tinapita ku Liwonde, konse tinabwerako tikuimba, ndipo aja ankatiseka anayamba kutseka magolosale kuti adzationere. Ine ndinkavala jeze namba naini. Bambo a ana anali kutali ku esiteti ya fodya, ndiye kulikonse ndinkapita ndi ana anga. Pa nthawi yopuma anzanga akumwa madzi, ine ndinkayamwitsa. Ndinkatopa, abale, ndinkatopa zedi. Koma pa bwalo paja ndi pokhapo pamene ndinkaiwala kuti ndatopa.

Mkazi sankaloledwa kuyenda ndi kabudula. Tikangotuluka m'bwalo tinkamanga nsalu msangamsanga. Tsiku la fainolo anatiuza kuti tibwere ndi nsalu ya chipani chifukwa chikho adzapereka ndi bwana wa chipani. Nsalu imeneyo inali ndi malamulo ake. Sunkaikhalira pa nkhope, sunkaiponya pansi chisawawa. Ukaivula unkaipinda bwinobwino nkhope ili mkati. Ndi mmene ndinaipindira ine, n'kuiika pambali pa mzere pamene Lusiya anakhala atafukata mchimwene wake.

Mpira utatsala pang'ono kutha, palibe amene anali atamwetsa. Mpira unabwera wam'mwamba, ine ndinathamanga, wapagolo wa timu ya Ntaja anathamanganso. Ndinaukhudza ndine, unalowa, koma tinawombana kwambiri. Anthu akufuula, iye anali pansi atagwira bondo. Mwala unamucheka, magazi akutuluka ngati pampopi. Panalibe bandeji. Amuna anangomuzungulira, palibe akanamugwira mwendo mkazi wa mwini. Ndinathamangira pamzere, ndinatola nsalu yoyamba imene dzanja linagwira, ndinaluma m'mphepete ndi mano n'kung'amba. Sindinaone nkhope. Inali mkati, mmene ulemu umafunira. Ndinamumanga bondo, magazi analeka, mpira unatha, tinalandira chikho. Polandira ndinamanga nsalu yomweyo chopinda pakati, osadziwa chimene ndavala.

Ndi pa lole paja pamene ndinaona chimene ndinachita ndi nsaluyo. Ndinaipinda msanga n'kubereka mwana pa nsalu ina. Koma ndinaona maso a Nelesi, amene ankasewera kumbuyo. Mwamuna wake anali mlembi wa nthambi ya chipani kwathu. Anayang'ana nsaluyo, anandiyang'ana ine, kenako anayang'ana mitengo mpaka tinafika.

Lolemba Lusiya anabwera akulira kuti ana a nyumba yoyandikana awauza kuti asamasewere naye. Lachiwiri ndikupita kumjigo, amayi amene ankandiitana kuti namba naini anayamba kutsuka ndowa zotsukatsuka kale. Tsiku lomwelo anyamata awiri a chipani a malaya ofiira anayenda nyumba ndi nyumba. Anati Loweruka mayi aliyense abwere kokonzekera magule ndi nsalu yake, ndipo amayi tcheyamani a chipani adzaziona imodziimodzi zitatambasulidwa. Sizinachitikepo zimenezo. Mmodzi polankhula ankayang'ana chingwe changa choyanikira matewera.

Inu a masiku ano mwina simungamvetse. Nsaluyo sinkagulidwa mugolosale, inkadzera kwa amayi tcheyamani omwewo. Kukapempha ina kunali kudziulula. Kupita wopanda nsalu kunali kudziulula. Kuisoka sikukanatheka, chidutswa chinapita ndi bondo la munthu. Ndinkadziwa bambo wina wa pamzere wathu amene anatengedwa chifukwa chokulungira usipa m'nyuzipepala ya chithunzi chomwecho. Anabwerako patapita nthawi yaitali, osalankhulanso bwino. Ine ndikatengedwa, Lusiya wa zaka zinayi adzamupatsa chiyani Petulo woyamwa?

Lachitatu m'mawa ndinapita ku Misa. Sindinathe kupemphera pemphero lililonse lodziwika. Ndinagwira kolona, mawu osabwera. Ndinangonena kuti, Ambuye, ine ndatopa, ndilibe nzeru, za ine chitani zimene mukufuna, koma anawa asagone panja. Ndinatuluka mmene ndinalowera, mtima uli gwa. Sindikunamizani kuti ndinamva mawu ochokera kumwamba, iyayi. Chimene chinabwera ndi ganizo limodzi lokha, kuti ndikawasiye ana kwa amayi anga ku Kawinga Loweruka lisanafike.

Lachinayi ndinakwera basi. Nsalu ija ndinaikulunga pamimba mkati mwa diresi. Kuiotcha kunyumba sindikanatha, nyumba zathu zinali zogundana ndipo fungo la nsalu yopsa silibisika. Ndinaganiza zoiponya mu Shire pa mlatho wa Liwonde, koma kumeneko anatitsitsa tonse kuti aone makadi a chipani. Ndinaima pamzere, Petulo kumsana, nsalu ikundiotcha pamimba ngati khala la moto. Mnyamata wina anandiyang'ana kadi, anandiyang'ana mimba, nati, "Mayi, wina ali kumsana, wina ali m'njira?" Anzake anaseka. Inenso ndinaseka.

Tinafika pa Ntaja dzuwa lili pamutu. Galimoto yopita kwathu kunalibe, anati tidikire. Lusiya anali ndi njala, ndiye ndinapita naye kumene amayi amakazinga mandasi kuseri kwa msika. Ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Ee, namba naini! Mwabwera kudzathyola mwendo winawu?"

Ndinatembenuka. Anali wapagolo uja, atakhala pa mpando waufupi, mwendo atauwongola, mpango kumutu, chiwaya chili pa mbaula. Dzina lake Abiti Saidi. Ndinafuna kuthawa. Anamupatsa Lusiya ndasi lotentha, kenako anandiyang'anitsitsa, kuseka kuja n'kutha.

"Achemwali, khalani pansi," anatero motsitsa mawu. "Kansalu kanu kaja ndinakachapa. Magazi atachoka ndinapeza diso likundiyang'ana. Kuyambira tsiku limenelo chakudya sichikulowa. Ndimati mayi uja ndi ana ake ali bwanji."

Ndinalira pamenepo, pamsika, mopanda phokoso. Ndinamuuza za Loweruka. Anatembenuza mandasi ake onse, anawavuula, anauza mnzake kuti amuonere malonda, nati tiyeni kunyumba mukasambitse mwana.

Ankayenda motsimphina, ine pambuyo. M'nyumba anatsegula sutikesi yachitsulo n'kutulutsa nsalu ya chipani yathunthu, yopindidwa nkhope ili mkati.

"Iyi inali ya amayi anga. Anatisiya mwezi wa Ramadani. Yanga ndili nayo, iyi palibe akuifunsa."

Ndinati, "Iyayi, achemwali, ya malemu? Ndiponso ine ndi amene ndinakupwetekani, ndi chikho tinakulandani."

"Chikho mudzabweza chaka chamawa, Mulungu akalola," anatero. "Amuna onse aja anangoima n'kumaonerera magazi anga. Inu munang'amba nsalu. Tengani, musandichedwetse, mandasi anga akuzizira."

Ndinamasula ija ya pamimba. Anatulutsa kachidutswa kaja pansi pa mphasa, n'kuziika zonse m'thumba la makala. Titabwerera kumsika anazing'amba tizidutswa, n'kumaponya mu mbaula kamodzikamodzi, akuthira timafuta takale pamoto kuti utsi ununkhe mandasi. Mayi wina anadandaula kuti utsi wachuluka. Abiti Saidi anati, "Makala a masiku ano, mayi, amagulitsa aawisi." Ine ndinakhala pomwepo mpaka kachidutswa komaliza kanasanduka phulusa.

Ana ndinakawasiyabe ku Kawinga. Amayi anga sanafunse zambiri, anangolandira Petulo n'kuyamba kumuphikira phala. Lachisanu ndinabwerera ku Balaka ndekha, kumsana kopepuka, mabere akuwawa.

Loweruka tinaima pamzere pa bwalo la sukulu. Amayi tcheyamani ankayenda pang'onopang'ono, anyamata awiri aja pambuyo pawo. Kwa ena ankangodutsa. Atafika pa ine anaima. Ndinatambasula. Nkhope inali yonse, maso awiri, kukamwa konse. Anaigwira, anaitembenuza, anayendetsa chala m'mphepete monse kufuna msoko. Mkaka unali utayamba kudontha mkati mwa bulauzi, ndipo ndinkangopemphera kuti usafike pa nsaluyo.

"Nsalu yako ikununkha musutikesi," anatero.

"Ndimaisunga bwino, mayi."

Anatembenukira kwa Nelesi, amene anali wachitatu kuchokera pa ine. "Iwe, si unati unaona ndi maso ako?"

Abale, Nelesi ankadziwa. Anaiona bwinobwino pa lole paja. Anayang'ana bulauzi yanga yonyowa, anayang'ana kumsana kwanga kopanda mwana, n'kuweramitsa mutu.

"Kunali fumbi, mayi. Mwina inangopindika."

Amayi tcheyamani anandiponyera nsalu ija. Podutsa anandinong'oneza kuti, "Maso anga sakuchoka pa iwe." Kenako ng'oma zinayamba, ndipo ndinavina. Ndinavina mpaka madzulo, nditavala nsalu ya mayi wachisilamu amene sindinamuonepo.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero lopanda mutu la munthu wotopa. Ine ndinkayembekeza kuti thandizo lidzachokera kwa a mpingo wanga kapena kwa anzanga a timu, koma Iye analikonzeratu pa bondo la munthu amene ndinamugwetsa ndekha. Ndikuthokoza Abiti Saidi, amene mpaka lero amatsimphina kukazizira. Nelesi sindidziwa ngati ndimuthokoze kapena ayi, ndinamusiya m'manja mwa Ambuye. Inu amene muli pa mavuto, mwina mulibenso mphamvu yopemphera bwino. Nenani mawu ochepa omwewo, kenako dzukani mukwere basi imene ilipo. Musaleke.

Chikho anachiika pa shelefu mugolosale ya pafupi ndi siteshoni, ndipo anakonza zoti Lamulungu lotsatira tidzajambulitse nacho. Ine ndinadziwa kuti mawu a amayi tcheyamani sanali ocheza. Namba naini aliyense ankamudziwa, ndipo munthu wodziwika sachedwa kupezeredwa chifukwa china. Ndinachapa jeze yanga, ndinaisita, ndinaipinda, n'kukaisiya kwa aphunzitsi amene ankatiphunzitsa mpira. Anandifunsa kuti chaka chamawa adzamwetsa ndani. Ndinati bondo likundivuta. Sanandikhulupirire, koma analandira.

Pa chithunzi cha timu imene inatenga chikho chaka chimenecho ine palibe. Tsiku limene anzanga ankajambulitsa, ndinali nditatseka nyumba, mphasa ndi mapoto pamutu, ndikutsika galimoto ku Kawinga. Lusiya anandiona patali n'kuthamanga. Petulo anali atazolowera phala, anayamba wandikana, kenako anagwira bere. Sindinabwererenso ku Balaka, ndipo mpira sindinaumenyenso. Ndinalima chinangwa pa munda wa amayi anga, kumene palibe ankadziwa nambala yanga, ndipo ana anga anagona m'nyumba.