Masiku 37 Amene Mayi Tollefsrud Anatisiyira

Malemu anabadwa pa 19 Sepitembala 1947 pa famu ya tirigu kufupi ndi Rugby, kuno ku North Dakota, kwa bambo Selmer ndi mayi Borghild Haugland. Anabatizidwa m'tchalitchi muno ndi dzina loti Lorraine. Ine ndine Arlen, mlongo wawo wamng'ono, ndipo banja landituma kuti ndiwerenge mbiriyi.

Mu 1953 anayamba sukulu m'kasukulu ka chipinda chimodzi. Mu 1968 anamaliza maphunziro a unamwino ku Minot, ndipo pa 14 Juni 1969 anamanga banja ndi bambo Duane Tollefsrud, amene anatsogola mu 2019.

Kwa zaka 31 achemwali ankayenda m'mafamu kuona odwala ogonera kunyumba. Pochoka ankamata kapepala pafiriji: katembenuzidwe ka wodwala kuti asatuluke zilonda, kasambitsidwe kake ali pabedi, kamwetsedwe kake kuti asatsamwe. Timapepalato ndi timene tinasanduka buku lawo, limene linatuluka pa 12 Malichi 1990.

Pangano ndi kampani yosindikiza analisayinira patebulo la kukhitchini osaliwerenga mpaka kumapeto, poti anali ndi chimwemwe. Momwemo anapereka umwini wonse wa bukulo. Mu 1998 kampaniyo inasiya kulisindikiza, koma umwini sinabweze. Anthu ankalifuna osalipeza. Achemwali akajambulitsa masamba awiri atatu kuti akapatse banja lina, alamu anga, a Duane, ankawaseka kuti, "A Lorraine, mbava ndaziona zambiri, koma yoba buku lake lomwe ndinu nokha." Iwo ankangoti, "Inu yendetsani galimoto, wodwala akudikira."

Mu 2015 mayi Denise Azure a kulaibulale yathu anawauza kuti lamulo limalola mlembi kuitanitsa umwini wake pakatha zaka 35, bola adziwitse kampaniyo nthawi ikadalipo. Achemwali anali ndi zaka 68 ndipo kompyuta anali asanaigwirepo. Anaiphunzira kulaibulaleko, nalemba buku lonse mwatsopano ndi zala ziwiri. Mu 2022 anatumiza kalata ya chidziwitso, ndipo tsiku loti umwini ubwerere kwa iwo linakhazikika: 12 Malichi 2025. Anasankhiratu chilolezo chimene bukulo lidzatuluke nacho pa intaneti: aliyense awerenge, akopere, asindikize, amasulire m'chinenero chake, akonze pamene pafunika, bola atchule amene analemba ndipo asadzalitsekerenso.

Mu Novembala 2024 anawapeza ndi khansa ya m'chiwindi. Anapempha kuti akagonere kwawo. Ana awo anawasamalira potsata buku lomwelo, limodzi lokha limene linatsala m'nyumba, lomatamata ndi tepi. Mmawa wina mwana wawo Kirsten atawatembenuza monga likunenera tsamba 40, anaona kuti amayi ake akuluma mano. Achemwali anati, "Tenga cholembera, mwanawe. Ndawawitsa anthu zaka zonsezi. Pilo azikhala pakati pa mawondo, osati pansi." Tsambalo linakonzedwa tsiku lomwelo. Anawonjeza kuti n'chifukwa chake ena ayenera kuloledwa kulikonza, pakuti pali zina zimene munthu amazidziwa atagona yekha pabedipo.

Ambuye anawaitana Lolemba pa 3 Febuluwale, mmawa dzuwa litatuluka, kutatsala masiku 37 kuti umwini wa buku lawo ubwerere.

Tsopano umwini umene ukubwererawo wagwera ana awo. Sitibisa kuti mwezi watha kampani ija inalemba kalata yopempha pangano latsopano, ndipo inali kalata yaulemu. Lachinayi lapitali anawa anakhala patebulo lomwe lija la kukhitchini, anaiwerenga mpaka kumapeto, anapemphera, nayankha kuti ayi. Lachitatu pa 12 Malichi, 10 koloko mmawa, mayi Azure adzaliika bukulo pa intaneti kulaibulale. Amene mungathe, mudzabwere.

Malemu asiya ana atatu, Kirsten, Neil ndi Paulette, adzukulu asanu ndi awiri, ndi ine.

Tikuthokoza abusa, anamwino amene ankabwera kunyumba, ndi amayi a mpingo amene atikonzera khofi ndi lefse, mkate wathu uja wopyapyala wa mbatata, m'chipinda chapansi. Tikuthokoza bambo Volk, anansi awo, amene ankakokolola chipale chofewa pakhomo mmawa uliwonse namwino asanafike, osagogoda ngakhale kamodzi. Bambo Volk, achemwali ankakuonani pawindo.

Achemwali, masiku otsalawo tiwerenga ndife. Inu usani mumtendere wa Ambuye.