Gogodera Pakhomo pa Sitolo

Chitangotha chimfine chija chinapulula anthu, a Fabiano a ku Vubwi anatumidwa ndi akazi awo, aNaphiri, kukagula nsalu ya mbereko ya mdzukulu, ndipo mawu anali achidule: akabwera chimanjamanja, kapena ndi nsalu yosuluka, apinde mphasa yawo azipita kwawo, poti mudzi unali wa mkazi. Munthu wamutu akanangomanga ndalama pansonga ya nsalu n'kuyenda, koma iwo ananyamulanso gogodera, mfuti ija yothira wonga kukamwa, ngati kuti kusitolo kuli njati.

Pakhonde la sitolo ya Mmwenye panali amayi a m'mudzi mwawo momwemo, akutongola mtedza wodzasintha ndi mchere. Pakhomo panaima Nasoni, wogulitsa, manja atatambasula.

"Odi!"

"Odini, bambo. Koma imani pomwepo."

"Ndaima. Tsopano patuka ndiyende."

"Munthu wa mfuti salowa."

"Watero ndani?"

"Bwana. Anatero akukwera njinga kupita ku Boma. Anati, 'Nasoni, munthu wa mfuti asalowe.' Anabwerezanso phazi lili kale pa njinga."

"Anatchula a Fabiano?"

"Anatchula munthu. Inu si munthu kodi?"

"Funso lanji limenelo, mwana iwe?"

"Ndikungotsimikiza, bambo. Chilimwe chathachi mlenje wina anatsamiritsa mfuti yake pathumba la mchere. Inatsetsereka, phuu! Chitini cha palafini chinabooka. Dera lonse linadya ndiwo zonunkha nyale mpaka mvula."

"Imeneyo inali mfuti ya chitsiru. Iyi ndi yoleredwa bwino."

"Za maleredwe sananene. Igonekeni pansi apo, mulowe."

A Fabiano anaikumbatira ngati wina wati awalande mwana.

"Pansi? Amayi ali mbwee chonchi? Mmodzi angoidumpha, basi, yafa. Nguluwe ingabwere kudzainyambita kukamwa, iyo ili duu."

Amayi aja sanadzutse n'komwe mitu. Anali ndi mtedza woti atongole.

"Ndiye ikolekeni mumtengo umo."

"Iwe mkazi wako umamukoleka mumtengo ukamalowa m'sitolo?"

"Iyayi. Iyeyo amalowa. Alibe mfuti."

"Ha! Chabwino, undigwirire ndiwe." Anaitambasula pang'ono, kenaka anaibweza msanga. "Taima. Usiku wathawu unagona kuti?"

"Kunyumba."

"Wekha?"

Nasoni anayang'ana zala za kumapazi. "Ndangokwatira kumene, bambo."

"Chotsa manja akowo! Ndi otentha! Usaiyandikire!"

"Sindikanaigwira ngakhale pang'ono. Ndikaigwira ndasanduka munthu wa mfuti. Ndiye sindilowa. Nanga akugulitseni ndani?"

A Fabiano anapuma mozama. M'katimo, kuseri kwa phewa la Nasoni, nsalu inkaoneka bwinobwino pathebulo, yakuda bii, yomwe aNaphiri ananena.

"Tamvera, mphwanga. Tulutsa nsalu ijo ndiionere pano."

"Nsalu situluka isanagulidwe. Limenelo bwana ananena atakwera kale."

"Ndiigula ndikaifikisa m'manja."

"Fikisani mukagula."

"Iwe! Nsalu za masiku ano ndi ufa wokhawokha. Ukachapa kamodzi yasanduka sefa. ANaphiri anati ndiifikise, ndiilawe ndi lilime, ndione ngati ikusiya mtundu. Ukuwadziwa aNaphiri?"

"Ndimawadziwa. Anabweza singano."

"Singano! Ndiye mwamuna angalephere kumubweza?"

"Pamenepo n'zoona, bambo."

"Bweretsa ndiye pakhomo pano. Iwe mkati, ine kunja, nsalu pakati."

"Nsalu imakhala pathebulo. Ndi pamene pali misomali yoyezera."

"Nanga dzanja lokha likalowa?"

"Dzanja la yani?"

"Langa. Lamanzereli. Siligwira mfuti ili, taona."

Nasoni anakanda m'mutu. Anayang'ana kumsewu kumene njinga inalowera, ngati yankho linagwera m'fumbi.

"Za dzanja sananene."

A Fabiano anagwira gogodera ndi dzanja lamanja, kutali kunja, n'kutambasula lamanzere m'sitolo. Anasuzumira, anawerama, msana unalira. Thebulo linali patali ngati kutsidya kwa mtsinje.

"Chala chalowa, bambo."

"Ndi dzanja lomwelo."

"Chakuphazi."

"Chala chakuphazi n'munthu?"

"Kumene kwapita chala chakuphazi, munthu amatsatira. Bwezani."

Anabweza. Thukuta linali litayamba kutsika m'khosi.

"Tsono tandiuza. Mfuti yokha, yopanda munthu, imalowa?"

"Imeneyonso sananene."

"Basi! Iyo ilowe pawindo, ine pakhomo."

"Nanga mukakumana m'katimo?"

"Sitilonjerana. Tizembana ngati mkamwini ndi apongozi ake. Iyo uko, ine kuno, maso kukhoma."

"Koma ikakhala m'katimo ikhala ya yani?"

"Yanga, nanga ya yani?"

"Ndiye ndinu munthu wa mfuti. Simulowa."

"Mayo ine! Anakuumba ndi dothi lanji iwe?"

"Kusukulu ya mishoni anati la pansi pano, bambo."

Wina angafunse kuti bwanji munthu wamkulu, wa imvi, osangotsamiritsa chitsulocho pakhoma, ntchito ithe, anthu akaphike. Nkhani yake ndi iyi. M'mudzi mwa aNaphiri nyumba inali ya aNaphiri, nkhokwe ya aNaphiri, ana anali a malume awo. Ngakhale galu ankadziwa mwini khomo. Chinthu chokha chimene a Fabiano anabwera nacho pachikamwini, chimene palibe akanati n'changa, chinali gogoderayo, yomwe anagula kwa Apwitikizi akadali ndi mano onse. Akadutsa nayo paphewa, ana ankapatuka. Akadutsa opanda, ankatumidwa kukathamangitsa mbuzi.

Ali chiimire choncho, nkhuku ya kuseri kwa sitolo inalira. Kabawi anali kuzungulira m'mwamba.

"Kabawi uyo!" Nasoni analumpha. "Anapiye a bwana! Ombani, bambo, muli panja, panja n'pololedwa!"

"Wonga wanga ndi wa njati."

"Njati kulibe, kabawi alipo!"

"Ndati wa njati."

"Atsika! Atsika uyo!"

Mayi wina anatola chibuma, anaponya osaimirira n'komwe, kabawi anathawa. Mayiyo anabwerera ku mtedza wake.

Nasoni anatsitsa maso kuchoka kumwamba, ndipo masowo anakaima pakamwa pa mfuti. Anapendeketsa mutu.

"Bambo, mfuti yanu ili ndi alendo."

"Alendo ati?"

"Mavu. Aja oumba timiphika m'zipupa. Mmodzi walowa."

"Wasochera."

"Wina uyo. Wanyamula dothi. Sakusochera awa, bambo, akulowa ngati kwawo. Akumanga."

A Fabiano anavula chipewa n'kuvindikira kukamwa kwa mfuti. Anasendera pafupi, mpaka ndevu kukhudza khutu la Nasoni.

"Tsitsa mawu."

"Ndatsitsa."

"Wonga unatha nthawi ya nkhondo ya Ajeremani. Ndipo kachitsulo komenyera moto kanathyoka kalekale, ndinangomanga ndi luzi. Silira iyi. Ngakhale uiike pamoto, silira. Palibe akudziwa, ngakhale aNaphiri."

ANaphiri ankadziwa. Mkazi amene wadyera nkhwani nyengo zonsezo, mlenje ali m'nyumba, safuna kuuzidwa. Anangoona kuti mwamuna wonyamula chitsulo savuta ngati mwamuna wongokhala.

Nkhope ya Nasoni inawala ngati wapeza nkhuku yotayika.

"Silira?"

"Shii!"

"Ndiye si mfuti! Lowani, bambo! Lowani nayo!"

Kutongola kunaima. Mitu yonse ya pakhonde inadzuka nthawi imodzi.

"Ukuti chiyani iwe?" a Fabiano anafunsa mano ali okukuta.

"Bwana anati mfuti. Mfuti ndi chinthu cholira phuu. Ichi ndi ndodo ya dzenje. A Julius, okalamba aja, amalowa ndi ndodo yawo masiku onse. Pepani ndakuchedwetsani padzuwa, lowani."

"Iyi ndi mfuti."

"Ndi nyumba ya mavu."

"Inapha njati!"

"Kale inali mfuti, sindikukana. Agogo anganso kale anali namwali."

"Ndikanize."

"Bwanji?"

"Ndikanize, ndati! Tambasula manja ako aja. Unene mokweza kuti munthu wa mfuti salowa, amayiwa amve."

"Sindinganame, bambo. Ndili m'kalasi ya ubatizo."

"Poyamba paja unkanena osatumidwa!"

"Poyamba paja sindinkadziwa. Tsopano ndikudziwa. Khomo ili, n'lotsekula."

Ndipo anapatukadi, mwaulemu, manja kumbuyo. Khomo linali pululu. Nsalu ija inali apo, ndipo dzuwa linali litayamba kupendeka.

A Fabiano anaima ngati chitsa. Akalowa nayo, amayi awa akafika kumudzi iwo asanafike, ndipo pofika mawa ngakhale ana oyamwa adzakhala akudziwa kuti mwamuna wa aNaphiri amasenza ndodo ya mavu. Akapanda kulowa, mphasa inali kudikira, ndipo kwawo kumene anachokera kunatsala matsala okhaokha ndi mitengo ya mango.

"Kodi akuti chiyani a Nasoni?" anafunsa mayi woponya chibuma uja.

"Ndikuti mfuti yawoyi..."

"Sunthani!" a Fabiano anabangula, mpaka nkhuku inathawanso. "Amayi, sunthani nonse! Kutali! Tengani malichero anuwo! Yatentha ndi dzuwa iyi, ikatero simva za munthu!"

Amayi anasuntha, wina akukoka mwana, wina mtedza ukutayika. A Fabiano anayenda monyang'ama mpaka pa nsanamira ya kumapeto kwa khonde, anaimika gogodera pang'onopang'ono, kukamwa kuloza kuthengo, chipewa chili chivindikire. Analemba mzere pansi ndi chidendene kuizungulira.

"Wodumpha mzere uwu, maliro ake asadzandiitane."

Kenaka anakonza malaya, nalowa m'sitolo manja ali lendelende, ngati mfumu yobwera kudzaona malo.

Anaigwira nsalu ija. Anaifikisa, ufa sunagwe. Anailawa pansonga, natulutsa lilime.

"Lada?"

"Silinade, bambo."

"Dula."

Nasoni anayeza pa misomali yake, anadula, anapinda. Koma mtima wake sunakhazikike. Ankangosuzumira panja, kumene chitsulo chija chinaima chokha, mavu akuzungulira chipewa kufuna khomo lawo.

"Koma bambo, mwaisiyiranji padzuwa? Ine ndati lowani nayo."

A Fabiano anapana mbereko m'khwapa, natembenukira kukhonde kuti mawu afike bwino.

"Ulibe mutu, mwana iwe? Mfuti kulowa m'sitolo? Bwana wako akabwera ndidzamuuza ndekha kuti umafuna kuphetsa anthu!"